Kawaya kotsala m'chifuwa pambuyo pa opaleshoni ya mtima: kodi madokotala anaiwala?

Mayi wina wa ku Bangwe walemba motere:

"Adokotala, mwana wanga wamwamuna wa zaka 21 anamuchita opaleshoni ya mtima ku India mu 2022, anamuika valavu yachitsulo. Wakhala ali bwinobwino, warfarin amamwa tsiku lililonse, jakisoni wa mwezi ndi mwezi saphonya. Mwezi wathawu anadwala chifuwa, ndiye pa kiliniki ina anamujambula X-ray. Amene anaona chithunzicho anadzidzimuka, akuti muli kawaya katali kochokera pamtima kutsikira chakumimba, kosiyana ndi mawaya omanga fupa aja. Amalume ake akuti madokotala anaiwala chitsulo m'thupi. Chinanso, kumunsi kwa chipsera kuli kachithupsa kamene kamatuluka timadzi, kupola, kenako kubwereranso. Kayamba miyezi itatu yapitayo. Tulo sindikupeza. Kodi wayayu amupha mwana wanga? Tibwererenso ku India? Nanga ndalama zake tizitenga kuti?"

Mayi, pepani ndi nkhawa imeneyi, koma khazikani mtima pansi. Kawaya kamene kaonekako sikanaiwalike. Kanaikidwa dala, ndipo mwachidziwikire kanasiyidwanso dala. Alipo anthu ambirimbiri amene anachitidwa opaleshoni ya mtima omwe akuyenda ndi timawaya totere, ena zaka 20 ndi kuposa, osamva kalikonse. Ine chimene chandigwira mtima m'kalata yanu si chithunzi cha X-ray ayi, koma kachithupsa kaja. Kameneko nkofunika kuti dokotala akaone sabata ino, osati mwezi wamawa.

Tiyambe ndi mmene kawayako kanafikira pamenepo. Mtima uli ndi magetsi akeake. Pali kachigawo kakang'ono kumtunda kwake kamene kamayambitsa kugunda kulikonse, ndipo uthengawo umadutsa m'tinjira tating'ono kutsikira kuzipinda zam'munsi. Tinjira timeneti timadutsa pafupi kwambiri ndi mavalavu, tizitseko ta mumtima toonetsetsa kuti magazi akuyenda mbali imodzi. Tsono munthu akamasokedwa valavu yatsopano, malo amenewa amatha kutupa kapena kukhudzidwa, ndipo m'masiku oyambawo mtima umatha kugunda pang'onopang'ono mopitirira muyeso, kapena kusokonekera kagundidwe. Pofuna kuti izi zisawapeze modzidzimukira, madokotala asanatseke chifuwa amasokerera timawaya tating'ono pamwamba pa mtima, nkutulutsira nsonga zake pakhungu, kumunsi kwa fupa la pakati pa chifuwa. Mtima ukachita ulesi, anamwino amalumikiza nsongazo ku kabokosi ka batire kokhala pambali pa bedi, kabokosiko nkumaugunditsa mpaka utadzidalira wokha. Ngati munali naye kuchipatalako, mwina mukukumbukira timawaya topyapyala tokulungidwa mu thonje, tomatidwa ndi pulasitala pamimba pake. Nditomweto.

Njira imeneyi si yatsopano. Dokotala wa ku America, C. Walton Lillehei, anayamba kusokerera mawaya pamtima wa ana ochitidwa opaleshoni mu 1957. Makina ake anali odalira magetsi a pakhoma, ndipo magetsi atathima mumzinda wa Minneapolis pa 31 October chaka chomwecho, anapempha katswiri wa zamagetsi, Earl Bakken, kuti amupangire kabokosi koyendera batire. Ife a ku Blantyre nkhani ya kuthima kwa magetsi sitichita kufotokozeredwa.

Pa X-ray ya mwana wanu pakuoneka mitundu iwiri ya mawaya, ndipo anthu ambiri amaisokoneza. Pali mawaya okhuthala, opindidwapindidwa, ondandalikana pakati pa chifuwa kuchokera kumtunda kutsika, kawirikawiri 6 mpaka 8. Amenewo ndi omanga fupa limene linadulidwa kuti afike pamtima, ndipo amakhala momwemo moyo wonse. Ndiye pali kaja kopyapyala, kokhotakhota, kochokera m'mphepete mwa mtima. Wojambula amene sakumana kawirikawiri ndi odwala a opaleshoni ya mtima akakaona amadabwa ndithu, ndipo sindikumunena. Kuno kwathu odwala otere ngochepa, ambiri amakachitidwira kunja, ndiye maso sanazolowere.

Nanga bwanji sanakachotse? Mwachizolowezi timawayati timachotsedwa pakapita masiku ochepa, nthawi zambiri sabata isanathe. Wodwala amagona chagada, namwino kapena dokotala amadula kaulusi kogwira kawayako pakhungu, nkumakoka pang'onopang'ono. Kambiri kamangosololoka. Koma nthawi zina kamakana. Mwina ulusi wa pamtima unagwira kwambiri, mwina kawayako kanakodwa penapake m'kati. Apa ndi pamene dokotala wanzeru amasiya kukoka. Khoma la chipinda cham'mwamba cha mtima ndi lopyapyala zedi, ndipo kukoka mwamphamvu kungaling'ambe. Magazi akatero amadzaza m'kathumba kokuta mtima, mtima nkupanikizika osathanso kupopa, munthu nkutsirizika m'kanthawi kochepa ngati sathamangira naye ku fiyeta. Ngoziyi siifika ngakhale munthu mmodzi pa anthu 100 ochotsedwa timawayati, koma ikachitika ndi yoopsa kwabasi, ndipo imachuluka kwa munthu amene magazi ake apepukitsidwa ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana msanga, monga aliyense wa valavu yachitsulo. Nchifukwa chake kawaya kakakana, amakakoka pang'ono chabe, nkukadula pamene pakuthera khungu, chidutswacho nkubwerera m'kati. Madokotala ena amangodula timawaya tonse osayesa nkomwe kukoka ngati aona kuti magazi a wodwala sakuundana msanga.

Ndiye auzeni amalume kuti nkhani ya kuiwala palibe. Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi kufotokoza. Tsiku lotuluka m'chipatala cha kunja banja limakhala pa liwiro, matikiti a ndege, mankhwala, Chingerezi cha kumeneko chosamveka bwino, ndipo mawu amodzi onena za kawaya amatha kudutsa osamveka, kapena osanenedwa kumene. Tayang'anani pa mapepala amene munapatsidwa potuluka. Mukapeza mawu akuti "pacing wires cut" kapena "retained", dziwani kuti ndi nkhani yomweyi.

Kawayako nkachitsulo chosachita dzimbiri, kokutidwa ndi pulasitiki, ndipo thupi limakakuta ndi mnofu wa chipsera nkukasiya. Kwa anthu ochuluka nkhani imathera pomwepo. Komabe sindikunamizani kuti mavuto kulibiretu. Alipo, ngosowa, ndipo amatha kubwera patapita miyezi kapena zaka zambiri.

Vuto limene timaliona kwambiri pakati pa mavuto osowawo ndi lomwe mwalifotokozalo. Nsonga ya kawaya ikakhala pafupi ndi khungu, imatha kumabaya kuchokera m'kati munthu akawerama kapena akamanga lamba. Majeremusi akafika pamenepo amamatirira pachitsulo ndi papulasitiki, nkudzimangira kautoto kowateteza, kotero kuti mankhwala amangowagonetsa osawatha. Kachithupsa kamaphulika, mafinya nkutuluka, pakamwa pake nkutseka, anthu nkumati chapola. Pakapita milungu iwiri kapena itatu chabweranso. Zili ngati munga wothyokera m'phazi: mungathire mankhwala mmene mungathere, bala silipola mpaka mungawo utatuluka. Bala lopola nkubwerera malo omwewo kwa miyezi itatu limandiuza kuti pansi pake pali chinthu.

Sindinganene ndili kuno kuti chinthucho ndi kawayako. Malo omwewo ndi pamene pankatulukira mapaipi ochotsa magazi m'chifuwa pambuyo pa opaleshoni. Mukayang'anitsitsa pansi pa chipsera chachitali chija muona tizipsera tiwiri kapena titatu topingasa, ta mapaipi, ndi timadontho tating'ono ngati pobaya singano, ta timawaya. Kaulusi kotsalira pa chimodzi mwa tizipsera timeneti kangachite zofananazo. Waya wam'munsi womanga fupa angachitenso chimodzimodzi. Chimene timaopa kwambiri ndi pamene majeremusi alowa m'fupa lenilenilo, kapena atsatira kawayako kukwera chakumtima. Ndipo kuno kwathu TB sitiiiwala, chifukwa nayonso imatha kugwira fupa la pachifuwa nkumatulutsa mafinya pang'onopang'ono chotere.

Vuto lachiwiri ndi kusuntha. Mtima umagunda kokwana pafupifupi 100,000 patsiku, mapapo nawo sapuma kufutukuka ndi kufota, ndiye chidutswa cha waya chimene chamasuka chimatha kukankhidwa pang'onopang'ono kuchoka pamalo pake. M'mabuku a zachipatala muli nkhani za timawaya topezeka m'mapapo, m'mitsempha ikuluikulu yotuluka mumtima, m'kati mwa mtima momwe, ngakhale m'chifu ndi m'matumbo. Wina amabwera akutsokomola magazi, wina ndi chibayo chobwerezabwereza mbali imodzi, wina ndi m'mimba mopweteka mosadziwika bwino, wina mtima ukudumphadumpha. Ndanena izi kuti muzidziwe, osati kuti zikusowetseni tulo. Zimalembedwa m'mabuku chifukwa choti nzosowa, moti madokotala ambiri a mtima amapuma pantchito asanakumanepo nazo.

Kwa mwana wanu pali chifukwa china chapadera chosazengerezera. Valavu yachitsulo ilibe timitsempha takeyake ta magazi toti nkuiteteza. Majeremusi ochokera pabala lililonse lokhalitsa akalowa m'magazi, amakonda kukakhazikika pa valavu yotere, ndipo matenda amenewo, amene madokotala amati endocarditis, ndi ovuta kuchiza: milungu 6 ya majakisoni ali chigonere m'chipatala, nthawi zina mpaka opaleshoni yachiwiri. Kachithupsa kamene kwa munthu wina tikanati tikaonere kaye, kwa iyeyu sitikapatsa mpata.

Tsono muchite chiyani? Pitani pa chipatala chanu chaching'ono mukatenge kalata yokutumizani ku Gulupu, kapena mukadutsire ku kiliniki ya mtima kumene amayezetsa magazi ake. Nyamulani buku lake la kuchipatala, mapepala onse a ku India, ndi X-ray yatsopanoyo. Ngati muli ndi X-ray yakale, ya atangochitidwa kumene opaleshoni, imeneyo ndi chuma, chifukwa poika ziwirizo pamodzi dokotala amaona ngati kawayako kali pomwe kanasiyidwa kapena kasuntha. Akamuyeza pogwira fupa kuti amve ngati likugwedera kapena kupweteka. Akatenga mafinya kukawaunika kuti adziwe mtundu wa majeremusi, akatenganso magazi. Angajambule X-ray ina ya cham'mbali, angapime ndi sikani pakhungupo kuona ngati pali thumba la mafinya, ndipo echo, sikani ya mtima, ndi yofunika kuti aone valavu. CT scan ndi imene imaonetsa bwino njira yonse ya kawaya kuchokera pakhungu mpaka pamtima. Ngati dokotala aipempha ndipo ikufuna ndalama, ndi pamenepo pamene ndingakulangizeni kuti abale asonkhe, osati pa tikiti ya ndege.

Zikapezeka kuti vuto lili pamwamba chabe, chithandizo chake sichachikulu. Dokotala wa opaleshoni amacheka pang'ono pamalopo, nkupeza nsonga ya kawaya, nkukatsatira mpaka pamene mnofu uli wabwino, nkudula chigawo chodwalacho, kapena kukasolola konse ngati kakubwera kokha mosakakamiza. Amatsuka balalo ndi kupereka mankhwala ogwirizana ndi majeremusi amene apezeka. Ntchito imeneyi ndi ya ku fiyeta, yokonzekeredwa, osati ya pa benchi. Munthu wa valavu yachitsulo ya mitral, ya pakati pa zipinda za kumanzere kwa mtima, magazi ake amasungidwa pa INR, nambala yoonetsa kuchedwa kuundana kwa magazi, ya pakati pa 2.5 ndi 3.5, pamene munthu wosamwa warfarin amakhala cha pa 1. Madokotala ndiwo amakonza mmene atsitsire nambalayo kwa masiku ochepa, kawirikawiri pomuika pa jakisoni wa heparin, mankhwala ena opepukitsa magazi, kuti asataye magazi komanso valavu isaundane. Inu musamusiyitse warfarin panokha poganiza kuti mukumukonzekeretsa. Valavu ikagwidwa ndi magazi oundana, vuto lake limaposa la kawaya kutalitali.

Zikapezeka kuti matenda alowa m'kati, kapena kawaya kasunthira malo oopsa, pamenepo mpamene nkhani yotumizidwa kwa madokotala otsegula chifuwa imayamba, ndipo amene amaiyambitsa ndi madokotala a kuno ataona zithunzi. Musayambe kugulitsa munda lero. Zipatala zambiri za kunja zimayankha mafunso a odwala awo akale pa email kapena pa WhatsApp, ndiye dokotala wa kuno angathe kuwatumizira zithunzi nkumva maganizo awo mwana ali konkuno.

Nanga kukanakhala kuti kachithupsa kulibe, kawaya kangopezeka pa X-ray basi? Ndikanati kasiyeni. Anthu ena akangomva kuti m'thupi muli waya amaumirira kuti uchotsedwe, koma kutsegulanso chifuwa chimene chinatsegulidwapo kale si masewera. M'kati mumakhala mutamatirirana, mtima uli pafupi ndi fupa, ndipo ngozi ya opaleshoniyo imaposa ngozi ya kawaya kamene kakungogona phee. Pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi, amene ndawaona akuvutika ndi mantha a waya ngochuluka kuposa amene waya anawavutitsadi.

Pali zinthu zimene ndikupemphani kuti zisachitike pakhomo panu. Tsiku lina mungaone kansonga konyezimira katasuzumira pabalapo. Musakakoke, kaya ndi zala kaya ndi pulayazi, ndipo musakadule ndi lumo. Nsonga inayo ingakhale ikadali yosokeredwa pamtima. Komanso kawaya kamene katulukira kunja ndi njira yolunjika kumtima, kotero ngakhale magetsi ochepa kwambiri, oti pakhungu simungawamve, akadutsa mmenemo angasokoneze kagundidwe. Phimbanipo ndi thonje louma la kuchipatala, matani ndi pulasitala, pasanyowe, ndipo pitani tsiku lomwelo. Kufinya kachithupsa ayi. Kutema mphini pachipsera ayi, chifukwa munthu wa warfarin magazi ake sasiya msanga ndipo lumo limalowetsa majeremusi ena. Ndikudziwa kuti mawu akuti "m'thupi muli waya" m'makwalala mwathu samachedwa kusanduka nkhani ya kulodzedwa, ndipo sipalephera kupezeka wina wolonjeza kuuyamwa ndi nyanga. Wayayu tikudziwa amene anamuika ndi chifukwa chake.

Makapisozi ogula pa golosale kapena pamsika ndi msampha wina. Amaphimba matenda, kotero kuti pokayeza mafinya ndi magazi majeremusi sapezeka, dokotala nkumalasa mumdima. Choopsa china nchakuti ena amalimbana ndi warfarin. Bactrim ndi Flagyl amaikweza mphamvu mpaka munthu kutuluka magazi m'mphuno, m'nkhama kapena m'kati mwa thupi. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, amachita zosiyana: amaifooketsa, valavu nkukhala pangozi ya kuundana. Ndiye popeza mwati anadwala chifuwa, ngati angamuyeze makhololo nkupezeka ndi TB, a ku kiliniki ya TB ndi a ku kiliniki ya mtima adziwane kuyambira tsiku loyamba, ndipo INR iziyezedwa pafupipafupi. Kumbali inayi, ngati akutsokomola magazi koma zoyeza za TB zikubwera zopanda kanthu, mukumbutseni dokotala za kawayako ndi za warfarin, asangoyamba mankhwala a miyezi 6 mongoganizira. Pa ululu amwe Panado. Brufen, Indocid ndi Diclofenac azipewe, chifukwa pamodzi ndi warfarin zimatulutsa magazi m'chifu.

Zizindikiro zina sizidikira kalata kapena tsiku la kiliniki. Mwana wanu akatentha thupi ndi kunjenjemera, makamaka ngati ayezedwa malungo osapezeka, kapena wamwa LA koma kutentha sikukutsika, pitani naye ku Gulupu ndipo mupemphe kuti atenge magazi okaunika majeremusi asanamuyambitse mankhwala. Chimodzimodzinso akayamba befu mwadzidzidzi, kupweteka kwambiri pachifuwa, kukomoka kapena chizungulire champhamvu, kutsokomola magazi, chimbudzi chakuda bii ngati phula, magazi kutuluka pabalapo osasiya, fupa la pachifuwa kumveka likugwedera akatsokomola, kapena mkono, mwendo ndi pakamwa kufooka mbali imodzi. Inu mwazolowera kaphokoso ka valavu kaja, kongoti ti-ti-ti usiku kukakhala zii. Kakasintha kamvekedwe kapena kuzimirira, nayonso ndi ngozi. Pa zoterezi lunjikani ku AETC ya ku Gulupu, kumene amalandirira odwala akuluakulu a mwadzidzidzi, usana kapena usiku, ndipo mawu oyamba pakhomo akhale akuti ali ndi valavu yachitsulo ndipo amamwa warfarin.

Mafunso amene amabwera pambuyo pake ndimawadziwa, ndiye ndiyankhiretu. Kawaya kodulidwa kobisika pansi pa khungu sikakoka mphezi. Foni, wailesi, ayironi ndi mbaula ya magetsi sizikachita kanthu. Zipata zopima zitsulo za pa bwalo la ndege la Chileka nthawi zambiri sizilira nkomwe. X-ray, CT scan ndi echo zonse angajambulidwe popanda vuto. Pa MRI, makina ojambula ogwiritsa ntchito maginito amphamvu, timawaya tating'ono todulidwa totere kawirikawiri sitiletsa munthu kujambulidwa, koma ojambula auzidwe asanamulowetse m'makina, chifukwa iwo ndi amene amasiyanitsa timeneti ndi mawaya a pacemaker yokhazikika, kabokosi kogunditsa mtima koikidwa m'thupi, amene malamulo ake ndi ena.

Jakisoni wa mwezi ndi mwezi uja, wa benzathine, apitirize osaphonya, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza mavalavu otsalawo ku matenda amene anawononga yoyamba ija. Koma musaganize kuti jakisoni ameneyo achiza kachithupsa, majeremusi a pabala lotere nthawi zambiri samumva. Ndipo mukakafika kwa dokotala, mupempheni alembe ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba la buku la kuchipatala kuti mwanayu ali ndi valavu yachitsulo, amamwa warfarin, ndipo ali ndi kawaya kotsalira pamtima kuyambira 2022. Mwana wanu ajambulenso tsambalo ndi mapepala a ku India pafoni yake, chifukwa pa zaka 21 ayamba kuyenda yekha, ndipo kumene angakadwalire inu simudzakhalako nthawi zonse kuti mumufotokozere.